Mwendo ukalefuka mwadzidzidzi: zomwe kafukufuku wapeza pa za kufa kwa ziwalo

Pa 19 Novembala 2021, mwana wamkazi wa zaka zitatu wa m'boma la Lilongwe adayamba kufa ziwalo. Patapita sabata imodzi, pa 26 ndi pa 27 mwezi womwewo, azaumoyo adatenga chimbudzi chake kawiri n'kuchitumiza kokachiyeza. Chidafika ku labotale ya ku Johannesburg, m'dziko la South Africa, pa 14 Januwale 2022, ndipo kuchokera kumeneko chidapitirira ku America kuti akatswiri ena atsimikize zomwe anzawo adaona. Pa 17 Febuluwale, Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti m'dziko muno mwabukanso poliyo, nthenda yomwe idaoneka komaliza mu 1992.

Ambiri a ife kuno ku Bowe tikukumbukira zomwe zidatsatira: alangizi a zaumoyo atanyamula timabokosi tozizira akuyenda khomo ndi khomo, madontho awiri m'kamwa mwa mwana, ndi kachala kodetsedwa ndi inki. Chomwe timaiwala n'chakuti ntchito yaikulu ija idayambira pa mwana mmodzi yemwe adaonetsedwa kwa azaumoyo m'malo mosungidwa m'nyumba. Akadabisidwa, kachilombo kakadapitiriza kuyenda mwakachetechete, ndipo kuchokera ku Lilongwe kufika kuno ndi ulendo wa m'mawa umodzi pa minibasi.

Kufa kwa ziwalo si nthenda imodzi. Ndi chizindikiro chomwe nthenda zingapo zosiyana zimaonetsa, ndipo zambiri mwa nthendazo zafufuzidwa mozama m'dziko lathu lomwe lino, pa odwala a Chimalawi. Pafupifupi pa zonsezo ofufuza apeza chinthu chimodzi chofanana: zomwe banja lichita m'maola ndi m'masiku oyambirira ndizo zimalamula momwe wodwalayo adzakhalire zaka zonse zotsatira.

Babu likazima

Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi, mitsempha, lotchulira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chisokonezo china chimayambira pomwepa. Pali mitsempha yoyendamo magazi, ija timaiona itatupa pamkono wa munthu wogwira khasu. Palinso mitsempha yoyendamo mauthenga, yoyera ngati ulusi. Iyi imachokera ku ubongo, kutsika m'kati mwa mafupa a msana itaphatikana ngati chingwe chimodzi chonenepa ngati kachala kakang'ono, kenaka n'kugawikana kupita ku manja, ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi kwina konse. Munthu akafuna kuponda, ubongo umatumiza uthenga, uthengawo umatsika ndi chingwe cha mumsana n'kukafika pa mnofu wa mwendo, mnofu n'kukokeka.

Amene ali ndi sola pakhomo amvetsa msanga. Babu likazima, mwina batire latha, mwina khoswe wadya waya kudenga, mwina polumikizira pamasuka. Babulo lili bwinobwino, koma silikuyaka. Mwendo wakufa nawonso nthawi zambiri umakhala ulibe vuto lakelake. Chawonongeka ndi ubongo, kapena chingwe cha mumsana, kapena timitsempha topita ku mnofu. Choncho kutema mphini pa mwendo wolefukawo kuli ngati kupukuta babu pomwe waya waduka kudenga. Ntchito ya dokotala ndi kupeza pomwe waya wadukira ndi chomwe chamudula.

Poliyo

Kachilombo ka poliyo kamalowa m'thupi kudzera m'kamwa, m'madzi kapena m'chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu yemwe ali nako. Kamaswana m'matumbo n'kutulukanso ndi chimbudzi kwa milungu ingapo. Ana ambiri omwe akatenga sadwala n'komwe, ena amangotentha thupi pang'ono. Koma mwa ana pafupifupi 200 aliwonse omwe atenga kachilomboka, mmodzi kamamulowa m'chingwe cha mumsana n'kupha mitsempha yolamula minofu. Mwendo umalefuka ngati nsanza, kawirikawiri umodzi kuposa unzake, ngakhale kuti mwanayo amamva akamukhudza. Mwa opuwala otere, 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse amamwalira chifukwa minofu yopumira nayonso imafa. Mankhwala ochiza poliyo kulibe.

Taganizirani bwino chiwerengero chija. Mwana mmodzi wopuwala ndi umboni wakuti pali ana ena ambirimbiri omwe akuyenda ndi kachilomboka, akusewera, akupita kusukulu, popanda wodziwa. N'chifukwa chake dziko lonse lidatekeseka ndi mwana mmodzi wa ku Lilongwe.

Kachilombo nako kali ndi mtundu wake, monga momwe munthu amadziwikira kuti ndi Mbewe kapena Phiri ngakhale atasamukira kutali. Akatswiri atasanthula chibadwa cha kachilombo kopezeka mwa mwana uja, adaona kuti n'kachibale ka komwe kamazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Ndiye kuti kadachita kubwera ndi munthu wapaulendo. Pa chifukwa ichi, Africa siidalandidwe chiphaso chomwe idalandira mu Ogasiti 2020 chotsimikiza kuti poliyo wachibadwa adatha m'chigawo chino. Pakistan ndi Afghanistan ndiwo mayiko awiri okha komwe poliyo wamtunduwu sadathepo. Mu 1988, pomwe mayiko adagwirizana zothetseratu nthendayi, inkapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 chaka chilichonse m'mayiko 125.

Katemera wa khomo ndi khomo adayamba mu Malichi 2022, ndipo m'ndime yoyamba cholinga chidali kufikira ana pafupifupi 2.9 miliyoni osakwana zaka zisanu. Mu 2023 adawonjezera ana onse osakwana zaka 15. Kachilombo komweko kadapezekanso kutsidya kwa malire, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, komwe kadapuwalitsa ana 8 mu 2022. Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe adagwirira limodzi ntchitoyi mpaka ana oposa 50 miliyoni adalandira katemera, ndipo mu Meyi 2024 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti mliriwo watha. Ana opuwala onse pamodzi adali 9.

Makolo ena adatopa nako kugogoda kwa alangizi, ndipo funso lomwe linkamveka m'misonkhano lidali lakuti: mwana walandira kale kusikelo, akumupatsiranjinso? Funsoli n'lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Madontho aja ali ndi kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, komwe kamaphunzitsa matumbo kudziteteza. Mwa ana ena, makamaka otsegula m'mimba pafupipafupi kapena operewera zakudya, madontho a ulendo umodzi sagwira mokwanira, choncho kubwereza ndiko kumatseka mipata. Palinso china chomwe sitiyenera kubisa. M'dera lomwe ana ambiri sadalandire katemera, kachilombo kofooka kaja kangathe kumadumpha kuchoka kwa mwana wina kupita kwa wina kwa miyezi yambiri mpaka kupezanso mphamvu zopuwalitsa. Zoterezi zidachitika kwa ana ena m'dziko muno mu 2022 momwemo. Chotchinga chake n'chomwecho: ana onse a m'mudzi alandire, pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, kuphatikizapo katemera wobaya wa pa masabata 14. Komwe onse alandira, kachilomboka kamasowa kodumphira.

Lamulo lomwe azaumoyo amatsatira n'losavuta kulikumbukira. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 yemwe mkono kapena mwendo wake walefuka mwadzidzidzi, popanda kugwa kapena kuvulala, anenedwe kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Chimbudzi chiyenera kutengedwa kawiri, motalikirana tsiku limodzi, pasanathe masiku 14 chiyambire kulefukako, chifukwa pambuyo pake kachilombo kamayamba kuchepa ndipo kangathe kusapezeka. Ana ambiri oyezedwa motere amapezeka kuti alibe poliyo. Ena amakhala ndi nthenda yotchedwa Guillain-Barré, momwe chitetezo cha m'thupi chimaukira mitsempha ya mwini wake, kulefuka n'kumakwera kuchokera ku mapazi. Ambiri amachira, koma ena amafuna thandizo la kupuma pa masiku ovutawo. Ndipo pali mfundo ina yomwe ine idandidabwitsa nditaimva koyamba: boma lomwe silikupeza ana olefuka ziwalo silitamandidwa, limakayikiridwa. Muyeso wake ndi wakuti pa ana 100,000 aliwonse payenera kupezeka osachepera awiri pa chaka olefuka pa zifukwa zina. Akapanda kupezeka, ndiye kuti anthu sakunena kapena azaumoyo sakuyang'ana.

Hamala

Malume anga adagwa ali kudimba chaka china m'mwezi wa Seputembala. Adawanyamula pakamwa patapotoka, mkono wamanja uli lende, mawu osamveka. Pofika madzulo mudzi wonse udali utagamula kale kuti amenyedwa hamala, ndipo dzina la gogo wina wamasiye lidayamba kunong'onedwa. Adakhala masiku anayi asadapite kuchipatala. Atafika, adapezeka kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo mwina adakhala choncho kwa zaka zambiri, iwo osadziwa. Gogo uja adamwalira patapita zaka, anthu ena asadamupatsenso moni.

Chomwe timachitcha hamala, kuchipatala amachitcha sitiroko. Ubongo umadya kudzera m'mitsempha ya magazi. Mtsempha umodzi ukatsekeka ndi magazi oundana, kapena ukaphulika, gawo la ubongo lomwe unkalidyetsa limayamba kufa m'mphindi zochepa. Mbali yakumanzere ya ubongo imalamula mbali yakumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri imalamulanso kulankhula. N'chifukwa chake malume anga adataya mkono wamanja ndi mawu nthawi imodzi. Kudzidzimutsa kwakeko ndiko kumachititsa anthu kuganiza kuti pali dzanja la munthu, koma mtsempha womwe waphulika lero umakhala utafooka pang'onopang'ono kwa zaka.

Kafukufuku wa dziko lonse yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Nthendayi si ya anthu onenepa a m'tauni okha monga timaganizira. Ilipo m'midzi, mwa alimi oonda ogwira ntchito zolimba, ndipo kawirikawiri simva kuwawa.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Dr Laura Benjamin lidayerekeza odwala sitiroko 222 ndi anthu 503 a m'madera omwewo omwe sadadwalepo. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2016. Pa anthu onse, kuthamanga kwa magazi ndiko kudali gwero lalikulu. Koma pa azaka 45 kutsika m'munsi, kachilombo ka HIV ndiko kadali patsogolo. Chiopsezo chidali chachikulu mwa omwe sadayambe kumwa ma ARV, komanso m'miyezi 6 yoyambirira mwa omwe adayamba mankhwalawa chitetezo chitatsika kale kwambiri. Pano pasakhale kumva molakwa. Phunziro lake si lakuti ma ARV ndi oopsa, koma kuti kuchedwa kuyamba ndiko kuopsa. Woyezetsa msanga n'kuyamba mankhwala thupi likadali ndi mphamvu akudzitchinjiriza ku sitiroko.

Zizindikiro zake mwana wasukulu angathe kuziloweza. Muuzeni munthuyo amwetulire: kodi mbali imodzi ya nkhope yagwa? Akweze manja onse awiri: kodi limodzi likutsika lokha? Atchule dzina la mudzi wake: kodi mawu akumveka? Chimodzi mwa izi chikaoneka, ngakhale chitatha chokha patapita mphindi zochepa, pezani choyendera. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, chifukwa sitiroko imafooketsanso minofu yomezera, ndipo chakudya chikalowera ku mapapo chimayambitsa chibayo chomwe chimapha odwala ambiri otere. Mugonekeni chammbali.

Ndinene mosabisa kuti mankhwala osungunula magazi oundana, omwe amagwira ntchito pokhapokha ataperekedwa m'maola anayi ndi theka oyambirira, sapezeka m'zipatala zathu za m'maboma. Wina angafunse kuti nanga kuthamangirako n'kwa chiyani. Kuchipatala amayeza ndi kuwongolera kuthamanga kwa magazi ndi shuga, amaona ngati wodwala angathe kumeza, amamudyetsa kudzera m'kapaipi ngati sangathe, amatumiza ku Kamuzu Central oyenera kujambulidwa m'mutu, ndipo amayambitsa mafizo. Ofufuza adapeza kuti ubongo umatha kuphunziranso: magawo otsala amatenga pang'onopang'ono ntchito ya gawo lakufa, malinga ngati mkono kapena mwendowo ukuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku. Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyambirira. Miyezi imeneyi ikathera pa mphasa m'nyumba yamdima, siibwereranso.

Kuyezetsa kuthamanga kwa magazi n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo sikutenga mphindi zisanu. Wopatsidwa mankhwala amwe tsiku lililonse, osati pokhapokha mutu ukawawa. Mchere wa tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa munthu. Ndipo ife a dera lolima fodya tivomereze kuti chingambwe chomwe timapichira pakhonde chimawononga mitsempha ya magazi mofanana ndi ndudu ya m'sitolo.

Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito. Mafumu athu akudziwa zimenezi, ndipo tikuwapempha kuti pakagwa munthu m'mudzi, mawu awo oyamba akhale ofunsa za choyendera.

Malungo akafika ku ubongo

Pa nkhani iyi dziko lonse lapansi lidaphunzira kuchokera ku Malawi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Pulofesa Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor adakhala akufufuza ana okomoka ndi malungo ku Queen Elizabeth. Adakonza njira yosavuta yoyezera kukula kwa chikomokere poona maso a mwana, kulira kwake ndi momwe akusunthira akamutsina. Njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri ndipo imatchedwa ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score.

Funso lomwe lidawavuta kwa zaka zambiri lidali lakuti chimapha anawa n'chiyani kwenikweni, popeza ena ankamwalira atalandira kale mankhwala oyenera. Makina ojambula ubongo a MRI atafika ku Blantyre mu 2008, yankho lidayamba kuoneka. Mu 2015, Dr Karl Seydel ndi anzake adasindikiza zomwe adapeza pa ana 168. Mwa ana 25 omwe adamwalira, 21 adali ndi ubongo wotupa kwambiri. Chigaza sichitanuka, choncho ubongo ukatupa umapanikiza gawo la m'munsi lomwe limalamula kupuma, mwana n'kusiya kupuma.

Opulumuka nawo si onse amabwerera mwakale. Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko, wotsogozedwa ndi Dr Gretchen Birbeck ndi kusindikizidwa mu 2010, adatsatira anawa atatuluka m'chipatala ndipo adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu adatsala ndi vuto: khunyu, kufooka kwa ziwalo, kuvutika kulankhula kapena kusintha kwa khalidwe. Mavuto ena adayamba kuoneka patapita miyezi. Mwana wotere akayamba kugwa kapena kuvuta m'kalasi, makolo ndi aphunzitsi akumbukire malungo aja asadathamangire chikwapu. Khunyu ili ndi mankhwala, ndipo sipatsirana pokhudza wodwala kapena malovu ake.

Mwana wotentha thupi akayamba kukomoka, kulephera kuyamwa, kusanza chilichonse kapena kugona mosadzutsika, imeneyo si nkhani yodikira kuche. Katemera wa malungo, yemwe Malawi idali dziko loyamba kuyamba kumupereka kusikelo mu Epulo 2019, ndipo Ntchisi idali m'gulu la maboma 11 oyambirira, amachepetsa malungo aakulu koma salowa m'malo mwa neti.

Msana

Ngozi za njinga zamoto za kabaza, kugwa mumtengo wa mango, kugwa pa ngolo kapena padenga la shedi ya fodya, zonsezi zingathe kuthyola fupa la msana kapena la khosi. Nthawi zina fupa limathyoka chingwe cha m'kati chikadali chamoyo, ndipo chimadzaduka ndi manja a anthu achifundo omwe amukhazika wovulalayo, kumupinda n'kumukweza pa njinga ina. Munthu wovulala akamadandaula khosi kapena msana, kapena akati miyendo sakuimva, asakhazikidwe tsonga. Anthu anayi kapena asanu amusunthe pamodzi ngati chipika, mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke, n'kumugoneka pa chitseko kapena thabwa. Ku Kamuzu Central tsopano kuli chipatala cha mafupa ndi maopaleshoni a ubongo ndi msana chotchedwa LION, chomwe chidatsegulidwa mu 2023.

Pali kupuwala kwina kobwera pang'onopang'ono komwe kumachizika. TB siigwira mapapo okha. Ikalowa m'mafupa a msana imawadya mpaka kupanikiza chingwe chija. Munthu amamva msana kuwawa kwa miyezi, amaonda, amatuluka thukuta usiku, nthawi zina pamsana pamatuluka kalinunda, kenaka miyendo imayamba kulemera. Akayamba mankhwala a TB nthawi ikadalipo, ambiri amayendanso.

M'chaka cha njala tikumbukirenso chinangwa chowawa. Mu 1981, chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, adauma miyendo mwadzidzidzi ndi nthenda yotchedwa konzo. Ofufuza adapeza kuti chifukwa cha njala anthu ankadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, popanda ndiwo zomanga thupi, ndipo poizoni wake adawononga mitsempha. Konzo sichizika. Anzathu a kunyanja, omwe kondoole ndi nsima yawo ya masiku onse, amasenda chinangwa n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe asadachiyanike. Ife a kumtunda kuno, omwe timachithamangira chimanga chikatha, ndife tingadumphe ndime imeneyi.

Pomwe kafukufuku wafika

Chingwe cha mumsana chikaduka, sichilumikizikanso chokha, ndipo mpaka lero palibe mankhwala omwe amachimeretsa. Ofufuza akuyesa njira zolambalala podukapo. Mu 2023, gulu la ku Lausanne m'dziko la Switzerland, lotsogozedwa ndi Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch, lidalengeza za bambo wina wa ku Netherlands yemwe adapuwala pa ngozi ya njinga mu 2011. Adamuika tizipangizo m'mutu towerenga uthenga wa ubongo ndi tina pamsana tolandira uthengawo, ndipo adatha kuimirira, kuyenda ndi ndodo ndi kukwera masitepe. Ndi chinthu chachikulu, koma adali munthu mmodzi, wozunguliridwa ndi akatswiri ambiri ndi ndalama zochuluka. Ndatchula izi kuti tikhale ndi poyezera. Ngati akatswiri a ku Switzerland afika pamenepa pokha, munthu wogulitsa botolo pamsika wa Mponela kapena pa WhatsApp, wolonjeza kuti wakufa ziwalo ayenda m'sabata ziwiri, akufuna mbuzi yanu.

Chomwe chatsimikizika kuti chimatalikitsa moyo wa munthu wogona n'chotsika mtengo. Atembenuzidwe maola awiri alionse, usana ndi usiku, kuti asatuluke zilonda pa matako, m'chiuno ndi pa zidendene. Pogona pakhale pouma. Mfundo za manja ndi miyendo zipindidwe ndi kuwongoledwa tsiku lililonse kuti zisaume. Amwe madzi okwanira kuti chikhodzodzo chisagwidwe matenda. Zilonda ndi matenda a chikhodzodzo ndizo zimatenga anthu ambiri opuwala msana, osati kupuwalako. Ntchitoyi njolemetsa, ndipo m'mabanja ambiri imagwera mayi mmodzi kapena mtsikana yemwe amasiyira pomwepo sukulu. Mipingo ndi magulu a m'mudzi omwe amadziwa kugawana ntchito pa maliro angathenso kugawana maola pa matenda.

Gawo la khonsolo ndi la makomiti athu

Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ufulu wawo ndi wotetezedwa ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, lomwe lidakhazikitsanso bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Bungwe la MAP, lomwe lidayamba mu 1979 ndi dzina lakuti Malawi Against Polio, lidasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities poliyo atachepa, ndipo limathandiza pa mafizo ndi zipangizo zoyendera. Njira yofikira thandizo lotere imayambira pa chipatala chapafupi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku Dowa boma.

Nkhani ya kufa kwa ziwalo ndi nkhani ya chitukuko, ngakhale kuti m'misonkhano ya VDC ndi ADC siitchulidwa ndi dzina limeneli. Chimbudzi cha pakhomo ndi mjigo wogwira ntchito ndizo zimadula njira ya poliyo. Mlatho wa pa kamtsinje komwe kamadzaza mu Febuluwale ndiwo umalamula ngati wodwala sitiroko afika ku Madisi kapena ku Mponela tsiku lomwelo. Chipinda chophunzirira chomangidwa ndi masitepe okhaokha chatsekera kunja mwana wa pa njinga ya olumala kwa zaka makumi atatu zikubwerazo, pomwe potsetsereka pake pakadangodya matumba ochepa a simenti. Makomiti oyang'anira ntchito zomanga ali ndi mphamvu yokana kusainira nyumba yotere, ndipo m'maganizo anga ayenera kuigwiritsa ntchito. Polemba mayina a Mtukula Pakhomo kapena a chimanga cha thandizo, kumbukirani kuti wogona m'nyumba sabwera pabwalo kudzakweza dzanja. Wina ayenera kupita kukamulemba.

Mukaona mwana kapena wamkulu walefuka chiwalo mwadzidzidzi, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani ku chipatala cha Bowe kapena china chapafupi. Mungathenso kuimba mwaulere pa 929, nambala ya Chipatala cha pa Foni. Tengani buku la kuchipatala la wodwalayo, ndipo konzekerani kuyankha mafunso anayi omwe adzakufunsani: kulefukako kudayamba tsiku liti ndi nthawi yanji, kudayambira chiwalo chiti, kodi thupi lidatentha kapena adagwa, ndipo ngati ndi mwana, adalandira katemera kangati.